Maselo a B ndi Matenda a Multiple Sclerosis: Mafunso ndi Mayankho

Kwa zaka zambiri, maselo a B ankaonedwa ngati mboni chabe pa mlandu wa matenda a multiple sclerosis, koma lero mankhwala ambiri amphamvu olimbana ndi matendawa ndi amene amachotsa maselo amenewa m'magazi. Mafunso otsatirawa ndi amene odwala ndi abale awo amakhala nawo dokotala akangotchula mankhwalawa.

Kodi multiple sclerosis ndi matenda otani?

Ndi matenda okhalitsa amene chitetezo cha m'thupi chimaukira ubongo, mtsempha waukulu wa mumsana ndi mitsempha ya maso ya munthu mwini wake. Mitsempha imene imanyamula mauthenga m'ziwalo zimenezi ndi yokutidwa ndi kachikuto kamafuta kotchedwa myelin, ndipo kachikuto kameneka kamathandiza kuti uthenga uziyenda mofulumira. Chitetezo chikakasenda, uthenga umachedwa kapena kusochera, ndipo pamalo osendedwapo pamatsala chipsera cholimba. Mtsempha wosendedwa umafanana ndi mtengo wochotsedwa khungwa: suuma tsiku lomwelo, koma ukakhala choncho nthawi yaitali umafota mpaka kufa, ndipo mtsempha wa muubongo ukafa sumeranso.

Zizindikiro zake zimadalira pamene pawonongeka. Wina diso limodzi limachita chifunga ndi kupweteka akamaliyendetsa, wina amamva dzanzi m'miyendo, wina amadzandira poyenda, amaona zinthu ziwiriziwiri, amavutika kusunga mkodzo, kapena amatopa kwambiri osagwira ntchito iliyonse yolemetsa. Mwa odwala 100 alionse, pafupifupi 85 amayamba ndi mtundu umene matenda amabuka kwa masiku kapena milungu ingapo n'kuzizira, kenako n'kudzabukanso. Otsalawo matenda amangokulirakulira pang'onopang'ono kuyambira pachiyambi. Dokotala wa ku Paris, Jean-Martin Charcot, ndiye anafotokoza matendawa mwatsatanetsatane mu 1868. Chiwerengero cha mu 2020 chinasonyeza kuti padziko lonse pali anthu pafupifupi 2.8 miliyoni odwala matendawa, ambiri amawayamba ali ndi zaka za pakati pa 20 ndi 40, ndipo akazi ndi ochuluka kuwirikiza kawiri kapena kuposerapo poyerekeza ndi amuna.

Nanga maselo a B ndi chiyani?

Ndi gulu limodzi la maselo oyera a m'magazi, amene anthu ambiri amangowatchula kuti asilikali a m'thupi. Amapangidwa m'mafuta a m'mafupa, kenako amayenda m'magazi n'kukakhala mukapamba ndi m'tizigawo timene timatupa munthu akachita mwanabere. Selo ya B ikakumana ndi kachilombo kamene ikukazindikira, imachulukana. Ana ake ena amasanduka maselo a plasma, amene ntchito yawo ndi kutulutsa ma antibody, mapuloteni omata tizilombo kuti tiwonongedwe. Ena amasanduka maselo okumbukira, amene amakhala zaka zambiri akudikira kuti mdani yemweyo akabwerenso amuthire nkhondo mwamsanga. Katemera amagwira ntchito chifukwa cha kukumbukira kumeneku.

N'chifukwa chiyani akatswiri ankaloza chala maselo a T okha?

Maselo a T ndi gulu lina la maselo oyera a m'magazi, ndipo kwa zaka zambiri akatswiri ankakhulupirira kuti ndiwo olakwa pa matendawa. Anali ndi zifukwa zomveka. M'zipsera za muubongo wa odwala mumapezeka maselo a T ambiri kuposa a B. Ofufuza akatenga maselo a T olimbana ndi myelin n'kuwabaya mwa mbewa kapena khoswe wathanzi, nyamayo imadwala matenda ofanana ndi multiple sclerosis. Ndiponso jini, kutanthauza kachidutswa ka chibadwa chochokera kwa makolo, imene imawonjezera chiopsezo kuposa ina iliyonse, yotchedwa HLA-DRB1*15:01, imakhudza mmene thupi limasonyezera zinthu kwa maselo a T, ndipo munthu amene ali nayo chiopsezo chake chimakula pafupifupi katatu.

Komabe umboni wa maselo a B unalipo kuyambira kale. Mu 1942, wasayansi wina, Elvin Kabat, anapeza kuti m'madzi ozungulira ubongo ndi mtsempha wa mumsana wa odwalawa muli ma antibody ochuluka mosayenera. Mpaka lero kuyeza madzi amenewa ndi njira imodzi yotsimikizira matendawa. Wodwala amagona chammbali atapinda mawondo, dokotala amalowetsa singano yopyapyala m'munsi mwa msana, ndipo timadontho toyera ngati madzi akumwa timagwera m'kabotolo. Ku labotale amayala mapuloteni a madziwo pambali pa mapuloteni a magazi a munthu yemweyo, ndipo kumbali ya madzi a mumsana kumaoneka timizere takuda timene kumbali ya magazi kulibe. Timizere timeneti, totchedwa oligoclonal bands, timapezeka mwa odwala pafupifupi 9 pa 10 alionse, ndipo tanthauzo lake ndi loti magulu angapo a maselo a B analowa m'kati mwa ubongo ndipo akupangira ma antibody mommo. Kwa zaka zambiri, ambiri ankationa ngati mapazi a wakuba amene anadutsa kale, osati ngati chizindikiro choti mwini wake akadali m'nyumba.

Kodi chinasintha maganizo amenewa n'chiyani?

Ndi kafukufuku wamng'ono wa odwala 104 wotchedwa HERMES, amene anatsogoleredwa ndi Stephen Hauser wa ku San Francisco ndipo zotsatira zake zinafalitsidwa mu 2008. Ofufuzawo anagwiritsa ntchito rituximab, mankhwala amene anavomerezedwa mu 1997 pochiza khansa ya maselo a B. Mankhwalawa ndi antibody yopangidwa ku labotale imene imamata puloteni yotchedwa CD20, yopezeka pamwamba pa maselo a B, ndipo selo ikamatidwa chonchi thupi limaiwononga. Odwala analandira madripi awiri okha motalikirana milungu iwiri. Pojambula ubongo ndi makina a MRI, zilonda zatsopano zotupa zinachepa ndi 91 peresenti poyerekeza ndi odwala amene analandira mankhwala ongoyerekezera, ndipo pofika mlungu wa 48, odwala amene matenda anawabukanso anali pafupifupi 20 pa 100 alionse, pamene gulu linalo anali 40.

Chodabwitsa sichinali kukula kwa phindu kokha, koma liwiro lake. Ofufuzawo ankayembekezera kuti ngati mankhwalawo athandiza, adzatero mochedwa, ma antibody oipa akadzatha m'thupi. Koma kutupa kunazizira m'milungu yochepa, pamene maselo a plasma, omwe alibe CD20, anali akadalipo, ma antibody m'magazi anali asanatsike kwenikweni, ndipo timizere ta m'madzi a mumsana tija sitinafufutike. Apa panaonekeratu kuti mlandu waukulu wa maselo a B pa kubuka kwa matendawa si kupanga ma antibody ayi.

Ngati si ma antibody, ndiye maselo a B amalakwa chiyani?

Funso limeneli ndi mtima wa nkhani yonse. Selo ya T siingathe kuzindikira mdani payokha. Imafunika selo ina imene yatola kachidutswa ka mdaniyo, n'kukaika pamwamba pake ndi kuisonyeza. Maselo a B ndi akatswiri pa ntchito imeneyi, chifukwa iliyonse imatola chinthu chimodzi chokha chimene ikuchidziwa, ngakhale chikhale chochepa bwanji. Selo ya B yokumbukira ikatola kachidutswa kofanana ndi ka muubongo n'kukasonyeza kwa selo ya T, selo ya T ija imadzuka, imachulukana, imadutsa mpanda umene umalekanitsa magazi ndi ubongo, n'kukayatsa moto m'kati. Choncho akatswiri akale sanalakwitse ponena kuti maselo a T ndi amene amamenya, koma anaphonya wosonkhezera ndewu.

Kuwonjezera apo, maselo amalankhulana pogwiritsa ntchito timapuloteni totchedwa ma cytokine, tina tokolezera kutupa ndipo tina toziziritsa. Maselo a B a munthu wodwala multiple sclerosis amatulutsa tokolezera tambiri, monga interleukin-6, TNF ndi GM-CSF, koma toziziritsa, makamaka interleukin-10, amatulutsa tochepa. Timapuloteni tokolezera timeneti timaputanso maselo ena odya zinyalala m'thupi kuti ayambe kuwononga myelin. Maselo a B akachotsedwa, phokoso lonseli limachepa, ndipo amene amamera pambuyo pake poyamba amakhala aang'ono osakumbukira kalikonse, otulutsa toziziritsa tambiri kuposa akale aja.

Sizikutanthauza kuti ma antibody alibiretu gawo. M'zipsera za odwala ena amapezeka atamatirira pa myelin yowonongeka. Kungoti mpaka pano palibe antibody imodzi imene inapezeka mwa odwala onse, kusiyana ndi matenda ena ofanana nawo otchedwa neuromyelitis optica, amene mu 2004 anapezeka kuti ali ndi antibody yakeyake, yolimbana ndi puloteni ya aquaporin-4.

Kodi kachilombo ka Epstein-Barr kakubwera bwanji pa nkhaniyi?

Kachilomboka kamafala kudzera m'malovu, ndipo akuluakulu pafupifupi 95 pa 100 alionse padziko lapansi ali nako. Kakalowa m'thupi sikatulukanso, ndipo malo amene kamabisala moyo wonse ndi m'maselo a B okumbukira, omwe aja amene akuganiziridwa pa matendawa. Mu 2022, ofufuza a ku yunivesite ya Harvard anafalitsa zimene anapeza atafufuza magazi osungidwa a asilikali a dziko la United States oposa 10 miliyoni kwa zaka 20. Anapeza kuti munthu akatenga kachilomboka, chiopsezo chake chodwala multiple sclerosis chimakula kuwirikiza ka 32, ndipo mwa odwala 801 amene magazi awo anayezedwa, mmodzi yekha ndiye analibe kachilomboka. Chaka chomwecho, ofufuza a ku yunivesite ya Stanford anasonyeza kuti mwa odwala ena, ma antibody olimbana ndi puloteni ya kachilomboka yotchedwa EBNA1 amamatanso puloteni ya muubongo yotchedwa GlialCAM chifukwa chakuti ziwirizi zimafanana pena pake.

Izi zisachititse mantha munthu amene wauzidwa kuti ali ndi kachilomboka, pakuti pafupifupi aliyense ali nako ndipo odwala ndi ochepa kwambiri. Kachilombo kamatsegula khomo, koma pamafunikanso zina, monga chibadwa cha munthu, kusuta fodya, kuchepa kwa vitamini D ndi kunenepa kwambiri pa unyamata.

Ndi mankhwala ati ochotsa maselo a B amene alipo?

Woyamba kuvomerezedwa mwachindunji pa matendawa ndi ocrelizumab, mu Marichi 2017 ku United States. Pa kafukufuku wa OPERA I ndi II, wa odwala 1,656, kubuka kwa matenda kunachepa ndi 46 ndi 47 peresenti poyerekeza ndi interferon beta-1a, mankhwala akale amene nawonso amathandiza ndithu, ndipo zilonda zatsopano zotupa pa MRI zinachepa ndi pafupifupi 95 peresenti. Amaperekedwa pa dripi, mamiligalamu 600 miyezi isanu ndi umodzi iliyonse, koma ulendo woyamba amagawidwa pawiri motalikirana milungu iwiri. Kuyambira mu 2024 kulinso mtundu wake wobaya pansi pa khungu kwa mphindi pafupifupi 10.

Ofatumumab anavomerezedwa mu 2020, ndipo wodwala amadzibaya yekha kunyumba mamiligalamu 20 kamodzi pamwezi, pambuyo pa jakisoni atatu oyambira a mlungu ndi mlungu. Poyerekeza ndi mapiritsi a teriflunomide, anachepetsa kubuka kwa matenda ndi theka kapena kuposerapo. Ublituximab anatsatira kumapeto kwa 2022. Ndi wa dripi ya ola limodzi milungu 24 iliyonse. Onsewa amamata CD20 yemweyo, ndipo kusankha pakati pawo kawirikawiri kumadalira zimene wodwala angakwanitse pa moyo wake wa tsiku ndi tsiku komanso zimene zikupezeka.

Nanga rituximab uja anathera kuti?

Akugwirabe ntchito, ngakhale kuti kampani yake sinamuyezetse mpaka pomutengera chilolezo cha matendawa. Ku Sweden ndi mankhwala amene odwala ambiri amalandira, ndipo kafukufuku wa m'dzikolo wa odwala 200, wofalitsidwa mu 2022, anapeza kuti m'zaka ziwiri matenda anabuka mwa odwala 3 pa 100 alionse olandira rituximab, pamene mwa olandira mankhwala akumwa a dimethyl fumarate anali 16. Mu 2023, Bungwe Loona za Umoyo Padziko Lonse linaika rituximab, pamodzi ndi cladribine ndi glatiramer acetate, pa mndandanda wa mankhwala ofunikira kwambiri a matendawa. Ndikuona kuti chigamulo chimenechi n'chachikulu kuposa mmene chinamvekera, chifukwa rituximab amapangidwa ndi makampani ambiri ndipo ndi wotsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi atsopanowo, kotero kuti odwala amene akanangolumala akuyang'ana mankhwala osawakwanitsa ali ndi pogwira.

Kodi tsiku lolandira dripi limayenda bwanji?

Namwino amayamba wafunsa ngati wodwala ali ndi malungo, chifuwa kapena matenda ena opatsirana, pakuti ngati alipo dripi imaimitsidwa kaye. Kenako amapereka mankhwala a steroid ndi ena oletsa ziwengo, n'kuyamba dripi modontheza pang'onopang'ono, akumawonjezera liwiro mphindi 30 zilizonse kwinaku akuyeza kuthamanga kwa magazi. Pafupifupi wodwala mmodzi pa atatu alionse olandira ocrelizumab amamva kuyabwa kukhosi kapena pakhungu, nkhope kutentha, mutu kapena timalungo, makamaka ulendo woyamba pamene maselo ofa amakhala ambiri. Nthawi zambiri kuchepetsa liwiro kumakwanira. Dripi ikatha, wodwala amakhalabe pafupifupi ola limodzi akuyang'aniridwa.

Kodi munthu wochotsedwa maselo a B satsala wopanda chitetezo?

Ayi, ndipo chifukwa chake ndi pamene CD20 amapezeka. Maselo amake a m'mafuta a m'mafupa, amene amabala maselo a B atsopano, alibe puloteni imeneyi, ndipo maselo a plasma okhalitsa, amene amasunga ma antibody a katemera ndi matenda akale, nawonso alibe. Mankhwala amadula pakati, kusiya mizu ndi zipatso zakale. Maselo a T ambiri amatsalanso akugwira ntchito.

Koma kunena kuti palibe chotayika kungakhale kunama. Odwala amadwala chimfine, chifuwa, matenda a m'chikhodzodzo ndi mashingozi kawirikawiri kuposa anzawo. Zaka zikamapita, ma antibody m'magazi amatha kutsika, poyamba a mtundu wa IgM kenako mwa ena a IgG, ndipo IgG akatsika kwambiri chiopsezo cha matenda aakulu monga chibayo chimakula. Pa mliri wa COVID-19 zinaoneka kuti odwala olandira mankhwalawa ankagonekedwa m'chipatala kawirikawiri, ndipo akabayidwa katemera ankapanga ma antibody ochepa, ngakhale maselo awo a T ankayankha bwino. Palinso matenda osowa kwambiri koma oopsa a muubongo otchedwa PML, amene aonekapo mwa odwala ochepa, ambiri a iwo atachoka kumene pa mankhwala ena otchedwa natalizumab. Chiopsezo chonsechi chimakula ndi ukalamba komanso ulumali, pamene phindu la mankhwala limakhala lalikulu mwa achinyamata amene matenda awo akubuka pafupipafupi, ndipo n'chifukwa chake kuyeza phindu ndi chiopsezo si ntchito ya tsiku limodzi koma ya chaka ndi chaka.

Munthu ayezetse chiyani asanayambe?

Chofunika kwambiri ndi kachilombo ka matenda a chiwindi a mtundu wa B. Kachilomboka kamatha kugona m'chiwindi zaka zambiri munthu osadziwa, ndipo maselo a B akachotsedwa kamadzuka n'kuwononga chiwindi mpaka kupha. Munthu amene ali ndi matendawa pakali pano salandira mankhwalawa, ndipo amene anadwalapo kale amafunika kuonedwa ndi dokotala wa chiwindi ndi kupatsidwa mankhwala oteteza. Madokotala amayezanso kuchuluka kwa ma antibody, ndipo ambiri amayezanso HIV ndi chifuwa chachikulu. Akatemera amalizidwe mankhwala asanayambe: okhala ndi tizilombo tamoyo tofooketsedwa patsale milungu inayi kapena kuposerapo, enawo milungu iwiri. Katemera wa tizilombo tamoyo saperekedwanso mpaka maselo a B atabwerera.

Kodi mankhwala alionse okhudza maselo a B amathandiza?

Ayi. Atacicept, amene amatsekereza timapuloteni todyetsa maselo a B totchedwa BAFF ndi APRIL, anayesedwa ndi chiyembekezo chachikulu, koma kafukufuku wake anaimitsidwa chifukwa matenda ankabuka kwambiri mwa olandira mankhwalawo kuposa mwa osalandira. Mankhwalawo anachepetsa ma antibody ndi maselo a B aang'ono, koma okumbukira aja anawasiya. Phunziro lake linali lowawa koma lofunika: pakati pa maselo a B pali oputa ndi oleretsa, ndipo kuchotsa oleretsa n'kusiya oputa ndi kuthira mafuta pamoto.

Kodi mankhwalawa amachiza matendawa?

Sachiza, ndipo pano m'pofunika kulankhula mosapita m'mbali. Amaletsa bwino kwambiri kubuka kwa matenda ndi zilonda zatsopano, koma sabwezeretsa mitsempha imene inafa kale, ndipo mphamvu yawo ndi yochepa pa kuwonongeka kwapang'onopang'ono kumene kumapitirira popanda kubuka kulikonse. Pa kafukufuku wa ORATORIO, wa odwala 732 a mtundu wongokulirakulira kuyambira pachiyambi, ocrelizumab anachepetsa chiopsezo cha kukula kwa ulumali ndi 24 peresenti. Anali mankhwala oyamba kuvomerezedwa pa mtundu umenewu, ndipo kwa munthu amene akuwerenga miyezi imene yamutsalira akuyenda yekha, phindu limeneli si laling'ono, komabe silifanana ndi zimene mankhwalawa amachita pa kubuka.

Chifukwa chimodzi ndi mpanda uja wa pakati pa magazi ndi ubongo. Ma antibody a mankhwalawa ndi aakulu, ndipo amene amadutsa mpandawo ndi pafupifupi gawo limodzi pa 1,000 la amene ali m'magazi. Mu 2004, ofufuza a ku Rome anapeza timagulu ta maselo a B titamanga zisa m'nembanemba zokuta ubongo wa anthu amene anamwalira ndi matenda okhalitsa, ndipo pambuyo pake zinaoneka kuti pansi pa zisa zimenezi khungu la ubongo limakhala lowonongeka kwambiri. Maselo okhala m'kati mwa mpanda chonchi dripi siwafikira mokwanira. Mfundo imeneyi ndi imene yachititsa madokotala ambiri kusiya chizolowezi choyamba ndi mankhwala ofooka n'kumadikira kuti alephere, ndipo ine ndikugwirizana nawo, pakuti chaka chilichonse chodikira chimadya mitsempha imene sidzabwerera.

Ofufuza akuyesa mapiritsi ang'onoang'ono otsekereza puloteni ya BTK, amene amalowa muubongo ndi kufooketsa maselo a B popanda kuwapha. Zotsatira zake n'zosakanikira. Mwa mapiritsiwa, evobrutinib sanapose teriflunomide pa kafukufuku amene zotsatira zake zinalengezedwa kumapeto kwa 2023, pamene tolebrutinib anachepetsa kukula kwa ulumali ndi 31 peresenti mwa odwala amene matenda awo anasiya kubuka koma akukulirakulirabe, ngakhale anavulaza chiwindi cha odwala ena.

Nanga mayi wofuna kutenga pakati atani?

Akambirane ndi dokotala wake asanatenge pakati, osati atatenga kale. Ma antibody a mankhwalawa sadutsa kwenikweni kupita kwa mwana m'miyezi itatu yoyambirira, koma m'miyezi yotsatira amadutsa, ndipo mwana akhoza kubadwa ndi maselo a B ochepa kwa kanthawi, zimene zimachititsa kuti akatemera ake a tizilombo tamoyo achedwetsedwe. Ubwino wake ndi woti mankhwala a dripi amatha m'magazi pakapita miyezi yochepa koma chitetezo chawo ku matendawa chimapitirira, kotero madokotala amakonza nthawi ya dripi yomaliza kuti mayi akhale wotetezeka pamene mankhwalawo atuluka kale m'thupi.

Kodi mankhwala akasiyidwa, maselo a B amabwerera?

Amabwerera, koma mochedwa ndiponso mosiyanasiyana. Pa ocrelizumab, theka la odwala maselo awo amafika pa mlingo wabwino pakatha milungu pafupifupi 72 chilandirireni dripi yomaliza, pamene pa ofatumumab zimatenga pafupifupi theka la chaka. Oyamba kubwera ndi aang'ono osakumbukira kalikonse, ndipo okumbukira amakhalabe ochepa kwa nthawi yaitali. Matenda sabwerera mwaukali mwadzidzidzi monga zimachitikira munthu akasiya natalizumab kapena fingolimod. Pa nthawi ya mliri wa COVID-19, odwala ambiri anachedwa kulandira dripi ndi miyezi ingapo ndipo ochuluka a iwo matenda sanawabukenso, zimene zinapatsa madokotala ena mtima wotalikitsa nthawi ya pakati pa madripi, makamaka kwa odwala amene ma antibody awo atsika kapena akudwaladwala. Kutalikitsa kumeneku kumachitika dokotala akuyeza magazi ndi kujambula ubongo pa MRI, chifukwa zilonda zatsopano zimatha kupangika munthu akudzimva bwinobwino.